Khungu la Munthu Si Nsalu

Makolo ambiri akamva kuti mwana wa zaka 15 akuonera mapulogalamu a matatuu pa DStv kapena pa YouTube, mtima wawo umathamangira ku inki: kuti mawa mwanayo atulukira ndi chinjoka pamkono. Nkhawayo ndi yomveka, koma yaphonya pamene pagona vuto.

Kulemba pathupi si chachilendo m'chigawo chino. Azimayi achikulire ena m'midzi ya Achewa adakali ndi mphini pamasaya ndi pamimba, zina zokometsera thupi, zina zamankhwala, ndipo Amakonde a kumpoto kwa Mozambique amadziwika ndi dinembo zawo. Funso loyenera ndi lakuti pulogalamuyo ikumuuza chiyani wachinyamata za mwini khungulo, ndipo apa mapulogalamuwa amasiyana kwambiri.

Mu Miami Ink, yomwe inayamba pa TLC mu 2005, munthu amabwera ndi nkhani yake, kaya ya mayi ake amene anamwalira kaya ya mwana wobadwa kumene. Amakambirana ndi wojambula, amaona chithunzicho, kenako amavomera. Mtsikana wa ku Chipata kapena wa ku Dedza akaonera zimenezi palibe chimene chamuonongekera.

Ink Master, ya mu 2012, ndi mpikisano: ojambula amalimbirana mphoto imene poyamba inali madola 100,000, wotchi ikuwerenga maola. Anthu obwera kudzajambulidwa amatchedwa "human canvas", kutanthauza nsalu yojambulapo yokhala ndi moyo. Dzinali si lopepuka. M'Chichewa munthu ndi nsalu sakhalira gulu limodzi la mayina: munthu "amene", nsalu "imene". Pulogalamuyo imasamutsa munthu kumuika m'gulu la zinthu, ndipo oweruza akamakangana za mizere ndi mthunzi wa chithunzi, amene adzayende nacho moyo wake wonse amakhala nkhani yachiwiri.

Just Tattoo of Us, yomwe inayamba pa MTV ku Britain mu 2017, inapyola pamenepo. Bwenzi kapena m'bale ndiye amasankha chithunzi, mwini thupi sachiona mpaka ataimitsidwa pagalasi, kamera ili tcheru kudikira misozi. Nthawi zambiri chithunzicho chimakhala chipongwe kapena kubwezera. Wachinyamata amene akungoyamba kumene zibwenzi akuphunzitsidwa kuti kuchititsa manyazi wokondedwa, ndi chizindikiro chosafufutika, ndi nthabwala. Pulogalamu iyi si ya ana, ndipo kholo lisachite manyazi kuizimitsa. Ku Britain komweko lamulo la mu 1969 limaletsa kulemba tatuu munthu wosakwana zaka 18.

Palinso zimene kamera imadumpha m'mapulogalamu onsewa. Tatuu ndi bala, ndipo limatenga masabata angapo kuti lipole. Singano yobwerekana imafalitsa matenda a chiwindi a mtundu wa B ndi C, ngakhalenso HIV. Khungu lakuda limachita msanga zipsera zotupa zomwe zimakula kupitirira bala lenilenilo, ndipo kufufuta tatuu ndi makina a laser kumafuna maulendo ambiri ndi ndalama zochuluka. Pa kanema zonse zimatha m'mphindi 40, m'chipinda chowala, wojambula atavala magolovesi. Mnyamata wa kugonera kusukulu amene watengeka nazo alibe chipinda chotero. Ali ndi singano yosokera, inki ya bolopeni ndi mnzake wolimba mtima.

N'chifukwa chake kuletsa mapulogalamu onse mwachisawawa sikuthandiza, makamaka poti foni ili m'thumba la mwanayo usiku wonse. Kholo, malume kapena mphunzitsi angachite bwino kuonera naye gawo limodzi la Ink Master, n'kumufunsa dzina la munthu wajambulidwa uja. Dzina la wojambula alitchula msanga. Pa la mwini khungulo ayamba wakanda kumutu.