Uthenga wongotulukira pafoni: kudina ‘OK’ kuli ndi mtengo wake

Munthu ali mkati molemba uthenga pa WhatsApp, mwadzidzidzi kabokosi katchinga galasi la foni. Kakumuuza za nyimbo yoti omuimbira azimva, zotsatira za mpira kapena mpikisano wa mwayi, ndipo pansi pake pali mawu awiri okha: OK ndi Cancel. Chala chomwe chinali kale paulendo chagwera pa OK. Mawa lake mayunitsi aperewera.

Ambiri amathamangira kwa okonza mafoni mumsika wa Limbe kapena Lilongwe poganiza kuti foni yalowa vayirasi, chonsecho kawirikawiri foniyo imakhala ilibe mlandu. Simukhadi si kachitsulo kongosunga nambala ayi, ndi kakompyuta kokhala ndi mapulogalamu akeake. Kudzera mu SIM Toolkit, yomwe pa mafoni a Android monga Tecno, itel ndi Samsung imaoneka pakati pa mapulogalamu ena, khadiyo imatha kulamula foni kuonetsa uthenga, kuliza kabelu ngakhalenso kutumiza SMS. N’chifukwa chake eni iPhone nthawi zina amadzidzimuka ndi chidziwitso chakuti simukhadi yawo yatumiza uthenga pomwe iwo sanalembe kanthu.

Palinso mauthenga otchedwa flash, omwe amatera pagalasi osalowa m’bokosi la mauthenga. Akangotsekedwa amasowa, ndipo wodandaula amatsala wopanda umboni.

Zina mwa zidziwitsozi n’zosavuta kuthana nazo. Foni ikamanena mobwerezabwereza kuti simukhadi yachotsedwa kapena yaikidwa, ndiye kuti khadiyo yakhwefuka, yada kapena yatha. Kuzimitsa foni, kuitulutsa, kuipukuta ndi kansalu kouma n’kuibwezera kumathandiza, ndipo zikakanika kwatsala n’kukasinthitsa ku ofesi ya kampani, nambala osasintha. Ikamadandaula kuti malo a mauthenga adzaza, kufufuta ma SMS akale osungidwa pa khadiyo n’kokwanira.

Mauthenga a malonda ndiwo amakakamira. SIM Toolkit sichotseka pa mafoni ambiri chifukwa ndi mbali ya foniyo, ndipo kutseka zidziwitso zake mu Settings sikuti nthawi zonse kumaletsa kabokosi kaja. Chozimitsira chenicheni chili m’ndandanda wa SIM Toolkit momwemo, ngati kampani idachiikamo, apo ayi chili kukampaniko. Wogwiritsa ntchito foni ayenera kujambula uthengawo pagalasi usanasowe, kuimbira ofesi yothandiza makasitomala, kufunsa ntchito zonse zolipira zomwe nambala yake idalembetsedwa, n’kuuza kampaniyo kuti izichotse.

Koma nkhaniyi siithera pa mayunitsi. Kabokosi kofanana ndi komweko ndi kamene kamatulukira munthu akamavomereza malipiro a pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, kopempha nambala yachinsinsi. Munthu amene wazolowera kudina msangamsanga kuti chomutchinga chichoke, tsiku lina adzadina pomwe pali ndalama zake. Akathyali amadziwa zimenezi. Amayambitsa okha pempho la malipiro pa nambala ya munthu, kenako amaimba foni modzichepetsa, kunamizira kuti ndi ogwira ntchito kukampani ndipo akukonza netiweki, n’kumuuza kuti angolemba PIN pa uthenga womwe waonekawo. Pempho la PIN lomwe mwini foni sanaliyambitse yekha, poimba *211# kapena *444# ngakhale pogula katundu, n’lofunika kulikana pomwepo. Palibe kampani yomwe imafuna PIN ya kasitomala kuti ikonze netiweki.

Apa ndi pomwe malonda okakamiza amasanduka nkhani ya chitetezo. Khomo lomwe limayenera kugogodedwa pa zinthu zofunika zokha likamagogodedwa tsiku lonse ndi otsatsa nyimbo, mwini nyumba amasiya kufunsa kuti ndani.

Malamulo alipo. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la 2016 limaletsa kutumizira anthu mauthenga a malonda omwe sanawapemphe, ndipo lamulo la Data Protection la 2024 lidapatsa bungwe la MACRA udindo woteteza mbiri za anthu. Mu 2018 bungwe lomweli lidalamula kuti simukhadi iliyonse ilembetsedwe m’dzina la mwini wake, ndipo anthu adaima pamizere ndi ziphaso zawo. Makampani tsopano amadziwa mwini nambala iliyonse, choncho kumufunsa kaye ngati akufuna mauthenga a malonda si ntchito yomwe ingawakanike.

Chomwe MACRA ingaumirize ndi chakuti ntchito iliyonse yodula mayunitsi izifuna kuvomereza kawiri, mtengo wake utalembedwa poyera, komanso kuti pakhale nambala imodzi yaulere yotsekera mauthenga onse a malonda pa netiweki iliyonse. Padakalipano, yemwe kampani yalephera kumuthandiza angathe kutengera dandaulo lake ku MACRA kapena ku Competition and Fair Trading Commission, atanyamula chithunzi cha uthengawo ndi tsiku lomwe mayunitsi adadulidwa.