Mwana wa Ng'ona Sakulira Dziwe Limodzi

Kuona maso a nkhono n'kudekha, adatero makolo athu. Koma makolo omwewo, podziwa kuti munthu waulesi ndi munthu waumbombo amakonda kubisala kuseri kwa kudekha, adatisiyiranso mau ena akuti ndionetsetse adathetsa nkhosa, ndiye kuti mbusa amene adafuna kupenyetsetsa ngati chilombocho chidalidi fisi adapeza khola lili pululu. Pakati pa miyambi iwiriyi ndi pamene pagona mlandu umene umasautsa eni matimu a baseball ku America chaka ndi chaka, nyengo ya masewera ikamayandikira: mnyamata waluso amene akhala akumlera m'maligi aang'ono, woima pamalo a shortstop, amkweze liti ku ligi yaikulu ya Major League, kumene matimu 30 amasewera masewera 162 pachaka, ndipo cholakwa chilichonse chimaonedwa ndi khamu la anthu zikwi makumimakumi?

Owerenga amene sadaonepo masewerawa ayenera kudziwa kulemera kwa malo amenewa. Shortstop amaima pakati pa base yachiwiri ndi yachitatu, kumene mipira yambiri yothamanga pansi imadzera, pakuti omenya ambiri ndi a dzanja lamanja ndipo mpira wao umakokera mbali imeneyo. Tsono iye ayenera kuuwerenga mpirawo usanafike, kuuthamangira, kuuwakha ndi kuuponya kutali ku base yoyamba, zonsezi m'masekondi anayi okha amene womenyayo amatha pothamangira kumeneko. Woima kunja kwa bwalo akachedwa pang'ono, kawirikawiri timu imapirira. Koma shortstop akaphonya, woponya mpira amene adagwira bwino ntchito yake ndiye amalipa mlandu umene sadapalamule, ndipo anzake onse a m'kati mwa bwalo amayamba kusewera ndi mtima wokayika. N'chifukwa chake pamalo amenewa amafunapo munthu wa miyendo ya mnyamata koma mutu wa mkulu, zinthu ziwiri zimene Namalenga sapereka kawirikawiri pa tsiku limodzi.

Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo amene adakonza makwerero a maligi aang'ono, kuyambira Single-A, High-A, Double-A kufikira Triple-A, adachita ngati adaumvapo mwambi umenewu, pakuti dziwe lililonse lili ndi phunziro lake: kumunsi mnyamata amakumana ndi anzake oponya mwamphamvu koma mosalunjika, ku Double-A amakumana ndi odziwa kupotoza mpira, ndipo ku Triple-A amapeza akuluakulu amene adalawako ligi yaikulu, ochenjera, odziwa kusanthula pamene munthu ali wofooka ndi kubwerezabwereza pomwepo kufikira atagonja.

Mbiri ya Derek Jeter ndiyo imandiphunzitsa koposa pa nkhani imeneyi, ndipo ndikhalapo pang'ono. A New York Yankees adamsankha mu 1992 ali mnyamata wongotuluka kumene sukulu ku Kalamazoo, ndipo chaka chake choyamba chidali cha misozi, pakuti amene adazolowera kupambana kwao adapezeka akulephera usiku ndi usiku, ali kutali ndi atate ndi amai ake. Mu 1993, akusewera m'ligi yaing'ono ku Greensboro, adalakwitsa mipira 56 m'chaka chimodzi, chiwerengero chochititsa manyazi chimene chikadapangitsa eni timu osaleza mtima kumchotsa pamalopo ndi kumponya kunja kwa bwalo. Iwo adamtumiza kwa mphunzitsi Brian Butterfield, amene adamuumba mwatsopano kaimidwe ka mapazi ndi kagwiridwe ka mpira, kubwereza chinthu chimodzimodzi m'mawa ndi masana. Ndipo mu 1994 zolakwa zake zidatsika mpaka pochepera theka, nakwera makwerero atatu m'chaka chimodzi. Mu 1995 adalawako masewera 15 okha a ligi yaikulu, nabwezedwa. Pofika 1996, pamene Tony Fernandez adavulala chigongono masewera asadayambe, mwini timu George Steinbrenner adali kukayikabe, nalingalira zogula shortstop wachikulire, ndipo mtengo wake ukadakhala woponya wachinyamata Mariano Rivera. Koma alangizi ake adamletsa, mtsogoleri Joe Torre nampatsa mnyamatayo malowo. Chaka chimenecho Jeter adamenya .314 (ndiye kuti kukhoza ka 314 pa maulendo 1,000 alionse omenya), adasankhidwa kukhala wopambana mwa osewera atsopano, ndipo Yankees idatenga chikho cha World Series kwa nthawi yoyamba chichokere 1978.

Chimene ndiona m'mbiri imeneyi n'chakuti Jeter adafika ku New York atamwa kale chikho cha kulephera, kumalo kumene oonera adali ochepa ndipo atolankhani sadali kumlondalonda. Adadziwa kale kuti munthu angathe kugwa madzulo, nadzuka m'mawa kukagwira ntchito yomweyo. Chotero ine ndikadakhala pa bwalo la akulu oweruza za mnyamata wotere, ndikadafunsa mafunso awiri ndisadayang'ane n'komwe kuti wamenya mipira ingati kunja kwa mpanda. Loyamba: kodi manja ake ndi mapazi ake ndi okhulupirika, kotero kuti woponya angathe kugona tulo podziwa kuti mpira wa pansi udzasanduka kutuluka kwa womenya? Lachiwiri: kodi adakomanapo ndi mwezi wa tsoka, mwezi umene chilichonse chimakana, ndipo adatulukamo motani? Mnyamata wa manja okhulupirika amathandiza timu yake ngakhale pa tsiku limene ndodo yake yakhala chete, ndipo chimenechi chimamgulira nthawi yoti aphunzire kumenya. Koma amene akudalira ndodo yokha, ikamkana alibe pothawira.

Jackson Holliday adakwera mofulumira koposa. A Baltimore Orioles adamsankha woyamba mwa onse mu 2022, mwana wa Matt Holliday amene adali katswiri wa ligi yaikulu. Mu 2023 adadutsa makwerero onse anayi m'chaka chimodzi, osapeza paliponse woponya womdodometsa kwa nthawi yaitali. Mu April 2024, ali ndi zaka 20, adamuitana, namuika pa base yachiwiri chifukwa pa shortstop padali kale Gunnar Henderson. Ndipo mwa maulendo 34 amene adaima kuti amenye adakhoza awiri okha, natulutsidwa ka 18 osaukhudza mpira moyenera, kufikira adambweza ku Triple-A, ku Norfolk, mwezi usadathe. Mnyamatayu adali kuphunzira zinthu zitatu pa nthawi imodzi: malo achilendo, oponya amene sadaonepo ofanana nao, ndi kulephera kumene, kumene adali asadakulawe chibadwire. Sindiwadzudzula kwambiri a Orioles, pakuti ku Triple-A kudalibenso womuyesa, ndipo adachita bwino kumbweza msanga asadasweke mtima. Atabwerera pa 31 July, adamenya mpira kunja kwa mpanda ma base onse ali odzaza. Komabe mbiri yakeyi ichenjeze onse amene amawerenga zipambano za kumunsi ngati lonjezo, pakuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Wina adzandikumbutsa za Robin Yount, ndipo adzachita bwino. A Milwaukee Brewers adampatsa malo a shortstop mu 1974 ali ndi zaka 18, atasewera masewera 64 okha m'ligi yaing'ono. Mu 1975 adalakwitsa mipira 44, koma adakhala m'timu yomweyo zaka 20, namenya bwino ka 3,142, nasankhidwa kawiri kukhala wosewera wopambana onse m'ligi yake. Koma tikumbukire kuti Brewers ya masiku amenewo idali timu yatsopano ndi yofooka, yosayembekezera chikho chilichonse, motero idali ndi ufulu wolola mwana kulakwa pamaso pa anthu. Dziwe lake la maphunziro lidali ligi yaikulu yomweyo. Timu imene ili pa mpikisano wa chikho ilibe ufulu wotere, ndipo iyenera kudzifunsa moona ngati idzapirira zolakwa za mu May popanda kumtaya mwanayo mu June.

Tsopano ndifike pa chimene chimandiwawa mtima, ndicho kudekha konyenga. Malamulo a ligi amati wosewera akakwanitsa zaka zisanu ndi chimodzi za utumiki amakhala mfulu, wokhoza kudzigulitsa ku timu iliyonse imene afuna, ndipo chaka cha utumiki amachiwerenga masiku 172. Eni matimu adaona msanga kuti akamsunga mnyamata kumunsi masabata awiri kapena atatu oyamba, masiku ake sakwana, ndipo amamgwira chaka chachisanu ndi chiwiri. Kris Bryant, woima pa base yachitatu, ndiye chitsanzo chimene aliyense amachikumbukira: mu 2015, atapambana anzake onse pa masewera okonzekera, a Chicago Cubs adati ayambe wakakonza kawakhidwe kake ku Triple-A, namuitana pa 17 April, tsiku limene lidampatsa masiku 171, kuperewera limodzi lokha. Adadandaula, mlandu udakhala zaka, ndipo mu 2020 woweruza adagamula mokomera timu. Lamulo lidawalola, inde. Koma Labani nayenso adali ndi mwambo wa dziko lake woutchula pamene adamgwiritsa Yakobo zaka zina zisanu ndi ziwiri, ndipo palibe amene amamtama chifukwa cha ichi. Moyo wa wosewera ndi waufupi, bondo limodzi lingathe kuuthetsa madzulo amodzi, ndipo kulanda munthu wotere chaka cha ufulu wake, uku ukumuuza kuti ukumchitira zabwino, ndiko kuipitsa dzina la kuleza mtima, kotero kuti tsiku limene mphunzitsi woona adzanena kuti mwanayu sadapse, palibe adzamkhulupirire.

Pangano la eni matimu ndi bungwe la osewera la mu 2022 lidayesa kuchiza nthenda imeneyi, polonjeza mwai woonjezera wosankha wosewera watsopano kwa timu imene yakweza mnyamata wake kuyambira pa chiyambi cha nyengo, iye n'kupambana mphoto ya osewera atsopano kapena kufika pamwamba pa mavoti a wopambana onse. A Orioles adaulandira mwai umenewu chifukwa cha Henderson, ndipo a Kansas City Royals chifukwa cha Bobby Witt Jr. Ndi mankhwala abwino, ngakhale n'zachisoni kuti chilungamo chidachita kugulidwa. Ndipo ali ndi choopsa chake, pakuti amene kale adali kuchedwetsa wokhwima chifukwa cha phindu angathe tsopano kufulumiza wosakhwima chifukwa cha phindu lomwelo.

Chotsala n'chakuti akamkweza amkweze ndi mtima wonse. Mapanga awiri avumbwitsa, ndipo palibe choononga shortstop wachinyamata ngati kumuitana kuti adzakhale pa benchi, kusewera lero ndi kupuma masiku atatu, akuyang'ana kwa mtsogoleri nthawi iliyonse walakwa kuti aone ngati tikiti ya ku Triple-A yalembedwa kale. Kuli bwino atsale kumunsi kumene akusewera tsiku ndi tsiku. A Yankees adatsata njira yoongoka ndi Anthony Volpe mu 2023: adampatsa malowo pa tsiku loyamba ali ndi zaka 21, ndipo ngakhale ndodo yake idavutika chaka chonse, namaliza ndi .209 yokha, mtsogoleri Aaron Boone adalembabe dzina lake, nasewera masewera 159. Anthu a ku New York adang'ung'udza, ndipo kung'ung'udza kwao kudali ndi maziko. Koma manja a mnyamatayo adagwira ntchito imene adamuitanira, ndipo pakutha pa chaka adalandira Gold Glove, mphoto ya wowakha bwino koposa pamalo ake mu American League.