Repu yabiliwila, nanga dothi lili bwanji?

Anzanga, repu imene timagula ku Soweto mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, imamwa madzi ati? Ina imacokela kumadimba a m'mbali mwa Ngwerere, kamtsinje kolandila madzi a suweji ocokela ku Manchinchi akadutsa m'madamu a ku Garden.

Ine mlimi sindimuimba mlandu. Madzi amenewa ali ndi nayitrojeni ndi fosiforasi, zomwe zija timalipilila ndalama zambili m'thumba la feteleza. Komanso saphwa. Ngakhale pa cilala ca 2024, Lusaka sinaleke kusamba ndi kucapa.

Koma dothi siliiwala. Madzi a m'tauni amabwela ndi mcele wa sopo ndi zotsukila. Madziwo akauma, mcele umatsala. Caka ndi caka dothi limalimba, madzi osalowa bwino, mizu n'kumavutika kumwa. Zitsulo za poizoni monga mtovu siziwola: zimaunjikana m'nthaka, zina n'kukwela m'masamba. Dimba lodyetsa banja lelo lingadzakane ana a mlimiyo.

Kuletsa alimi sikungathandize, azingothilila usiku. Madzi ayeletsedwe mokwanila asanatuluke, ndipo dothi la madimbawa lizipimidwa caka ciliconse. Ku Mount Makulu amapima dothi. Bwanji alangizi osatapako pang'ono kupeleka kumeneko, mlimi n'kuuzidwa zimene apeza, adziwe ngati afunika manyowa kapena kupumitsa munda?

Manje imwe amene madzulo ano mudyela nsima repu, nkhaniyi ni yanunso. Mufunseni khansala wanu kuti dothi la ku Ngwerere linapimidwa liti.