Kodi Loboti Imabweza Mpamba Patapita Masiku Angati?

Wogulitsa makina akafika pa fakitale, kawirikawiri amabwera ndi nambala imodzi yokoma m'khutu. Kwa zaka zingapo kampani ya ku Denmark ya Universal Robots inkalengeza kuti mikono yake yachitsulo, yogwira ntchito pambali pa munthu, nthawi zambiri imabweza ndalama zogulira m'masiku 195. Ndiye kuti miyezi 7 isanathe, mwini fakitale wayamba kudya phindu lokhalokha. N'kutheka kuti kwa ena zidaterodi. Koma munthu wopita ku banki kukakongola ndalama podalira nambala ya wogulitsa, asanakhale pansi ndi pensulo kuwerengera za fakitale yake, waika pachiswe chuma chake pamodzi ndi ntchito za anthu amene adawalemba. Paja chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

M'dziko la Malawi ndi maiko oyandikana nalo, mawu oti loboti amakumbutsa munthu magetsi a pamphambano za misewu ya m'tauni, koma loboti ya m'nkhani ino ndi ina. Yoyamba ya m'fakitale, yotchedwa Unimate, idayamba ntchito m'chaka cha 1961 pa kampani ya magalimoto ya General Motors ku New Jersey, kumene inkanyamula zitsulo zamoto zongochoka m'chikombole. Inkalemera kuposa tani imodzi, ndipo maloboti a mtundu umenewo amatsekeredwa mumpanda kuopa kuti angaphwanye munthu. M'chaka cha 1996 aphunzitsi awiri a pa yunivesite ya Northwestern ku America, J. Edward Colgate ndi Michael Peshkin, adabwera ndi makina oti azigwirira limodzi ndi munthu, nawatcha cobot. Malonda ake adayamba kukula m'chaka cha 2008, pamene Universal Robots idagulitsa mkono wake woyamba, UR5, ku kampani ya mapulasitiki ya Linatex ya kwawo komweko. Mkonowo umalemera pafupifupi makilogalamu 18, umanyamula makilogalamu 5, ndipo a Linatex adauika pa makina osema popanda kuumangira mpanda.

Samu ya wogulitsa ndi yapafupi, mwana wa Sitandade 8 angaithe. Amatenga mtengo wa loboti n'kuugawa ndi malipiro a wantchito amene lobotiyo ilowe m'malo mwake. Wowerenga ayerekeze fakitale ina ya ku Ulaya, ndipo manambala otsatirawa ndi ongoyerekezera chabe: mkono ukugulidwa madola 35,000, pomwe wantchito mmodzi amadyera kampani madola 40,000 pa chaka, kuphatikiza msonkho ndi penshoni. Yankho ndi miyezi 10 ndi theka. Pepala likuoneka bwino, koma manambala onse awiri ndi olakwika.

Woyamba ngwolakwika chifukwa mkono umabwera wopanda dzanja. Umangothera pa mfundo, ndipo chogwirira chimagulidwa padera malinga ndi chinthu choti chinyamulidwe. Pamafunikanso choimikapo, mathireyi oyalapo zipangizo m'mizere yosasintha, ndipo ngati zipangizozo zimabwera chisawawa pamafunika kamera yoti lobotiyo izionera. Kenaka pali injiniya wolumikiza lobotiyo ndi makina akale kuti chitseko chizitseguka pa nthawi yake, maphunziro a antchito, ndi masiku amene ntchito idzaime pokonza zonsezi. Si chachilendo kuti zowonjezerazi zifanane ndi mtengo wa mkono weniweniwo. M'chitsanzo chija, mpamba wafika madola 70,000.

Wachiwiri ngwolakwika mozama kuposa woyamba. Loboti silowa m'malo mwa munthu wathunthu, imangomulanda gawo la ntchito. Wantchito amene ankaika chitsulo m'makina n'kuchichotsa ankachitanso zambiri zosalembedwa: ankamva ndi khutu mpeni wa makina ukayamba kubuntha, ankasesa nyenyeswa, ankaona ndi diso chitsulo chopindika n'kuchiika pambali. Zimenezi zimafunabe munthu. Ngati loboti yamasula theka la nthawi yake, zopulumutsidwa ndi madola 20,000 pa chaka. Pochotsapo madola 2,000 a magetsi, zokonzera ndi zida zakutha, patsala 18,000. Kugawa 70,000 ndi 18,000 kukupereka zaka 3 ndi miyezi 11, chiwongoladzanja cha ngongole chisanawerengedwe. Loboti ndi yomweyo, fakitale ndi yomweyo, koma miyezi 10 yasanduka zaka pafupifupi 4.

Ngakhale madola 20,000 amenewo ali ndi funso limene eni mafakitale ambiri sakonda kuliyankha poyera. Theka la munthu silichotsedwa ntchito. Ndalamazo zimakhala zenizeni pokhapokha ngati wina wachotsedwadi, kapena ngati maola omasukawo agwiritsidwa pa ntchito ina yobweretsa ndalama, monga kuyang'anira makina awiri m'malo mwa amodzi. Bwana wouza antchito kuti palibe adzachotsedwe, kwinaku m'kaundula wake atalemba malipiro onse ngati opulumutsidwa, wanamiza antchito kapena wadzinamiza yekha. Njira yachiwiri ija, yosamutsira munthu ku ntchito ina, ndi yabwino, koma imayenda kokha kumene kuli ogula katundu wowonjezerayo.

Palinso nkhani ya liwiro. Cobot imaloledwa kukhala pafupi ndi munthu chifukwa ikamugunda imaima, ndipo kuti kugundako kusapweteke iyenera kuyenda pang'onopang'ono. M'chaka cha 2016 bungwe la miyezo la ISO lidatulutsa chikalata cha ISO/TS 15066, chotchula malire a mphamvu imene malo 29 a thupi la munthu angapirire. Choncho mkono umene pa chionetsero unkathamanga ungafunike kuchepetsedwa liwiro ukafika pakati pa anthu. Ndipo chitetezo sichiyesedwa pa mkono wokha. Cobot yogwira chitsulo chakuthwa kapena moto wowotcherera ndi yoopsa, ndipo mpanda umene wogula ankati wauthawa umabweranso ndi mtengo wake.

Si kuti makinawa ndi chinyengo. Chimene chimawapindulitsa ndi maola. Loboti ija ikagwira mashifiti awiri m'malo mwa imodzi, zopulumutsidwa zimafika madola 40,000, ndipo pochotsapo 3,000 a zokonzera, mpamba ubwerera zaka 2 zisanathe. Ikatha kugwira usiku yokha, thireyi itadzazidwa madzulo, ndiye kuti makina osema odula aja, amene kale ankagona anthu akaweruka, ayamba kubala ndalama. Phindu lalikulu nthawi zambiri lili pamenepa, pamodzi ndi kuchepa kwa katundu wolakwika ndi kwa antchito ovulala msana ndi mapewa. M'maiko monga Germany ndi Japan, kumene anthu akukalamba ndipo amisiri akusowa, loboti imadzaza malo amene panalibe wowafunsira. Koma fakitale yosinthasintha zopanga tsiku ndi tsiku iwerengere maola okonzanso pulogalamu ndi kusintha chogwirira, pakuti pa nthawi imeneyo mpamba uli chikhalire.

Wogula ayeneranso kufunsa ngati wogulitsayo adzakhalapo mawa. M'chaka cha 2012 kampani ya Rethink Robotics ya ku Boston, yoyambitsidwa ndi katswiri wotchuka Rodney Brooks, idatulutsa loboti ya mikono iwiri yotchedwa Baxter pa mtengo wa madola 22,000. Idatamandidwa m'nyuzipepala zambiri chifukwa chotsika mtengo. Koma masipuling'i a m'mfundo zake, amene ankaichititsa kukhala yofatsa kwa anthu, ankachititsanso kuti isalunjike bwino pa ntchito zofuna muyeso weniweni. Mu Okutobala 2018 kampaniyo idatsekedwa. Amene adawerengera phindu la zaka zambiri pa Baxter adatsala ndi funso la kumene akapeze zida zosinthira.

Samu yomweyi ikasamutsidwira kudziko la malipiro otsika, imasintha nkhope. Wantchito akamalandira ndalama zofanana ndi madola 4,000 pa chaka, theka lake ndi 2,000, zomwe zingothera pa zokonzera, ndipo mpamba sudzabwerera konse. Kuwonjezera apo, lobotiyo imagulidwa ndi ndalama zakunja, wokonza amachokera kutali, ndipo magetsi akazima imaima. Kumalo otere ingagulidwe pa chifukwa china, monga kuwotcherera kofanana kumene wogula wakunja akufuna, kapena ntchito ya utsi ndi fumbi yowononga mapapo, ndipo phindulo liwerengedwe pa zimenezo.

Manambala ofunika pa kuwerengeraku sali m'kabuku ka wogulitsa. Amapezeka wina akaima sabata yathunthu pambali pa makina, wotchi m'manja, n'kumalemba mphindi zimene chinthu chimodzi chimatenga, kangati makinawo aima ndi chifukwa chake, ndi zinthu zingati zatayidwa pa 100 zilizonse. Ntchito imeneyi sifuna digiri ya uinjiniya. Mnyamata kapena mtsikana wotsiriza Fomu 4, wodziwa maperesenti ndi chiwongoladzanja, angaigwire, bola akhale ndi mtima wolemba zimene waona ngakhale zitatsutsana ndi zimene bwana wake akufuna kumva.