Ana Aakazi a m'Chigwa cha Shire

Tiyeni titembenuzire maso kuchigwa cha Shire, kumene makolo a Chimang'anja, ngakhale amuna ndiwo anali kutsogolera nsembe pa kachisi wa Mbona ku Khulubvi, sanaone cholakwa kuti mkazi wotchedwa Salima akhale pakati pa zinthu zopatulikazo, nalandire mauthenga okhudza mvula ya dziko lonse.

Tsono amene amanena kuti ulemu wa mkazi ndi chiphunzitso cha Azungu, natigwetsa mphwayi ndi mwambi uja wakuti ng'ombe yaikazi sikoka ngolo, ayenera kuti sanaimve bwino mbiri ya kwawo. Taonani mayi Esther Mcheka Chilenje, amene anthu a kumpoto kwa Nsanje anawatuma ku Nyumba ya Malamulo, nakhala wachiwiri kwa sipikala m'chaka cha 2014. Kodi ngoloyo anaikoka ndani?

Komatu njirayo ndi yopapatiza. Namwali wa ku Makhanga kapena ku Ngabu, amene madzi osefukira a 2015 ndi namondwe Freddy wa 2023 anamkokolera makope pamodzi ndi mapira a m'nkhokwe, amamva mawu okoma a omufunsira mbeta njala ili pakhomo, ndipo ngakhale malamulo aakulu a dziko anakonzedwa mu 2017 kuti pasakhale ukwati mwana asanakwanitse zaka 18, lamulo lokha silimlipirira sukulu. Amene wapirira nafika ku koleji, nabwerera kudzaphunzitsa ku Bangula kapena kudzasunga mabuku a ndalama ku Nchalo, amafunsidwabe ndi azakhali ake tsiku limene adzawaonetse mkamwini.