ZA ULIMI: Zimene tinaona m'mbali mwa nyanja ya mchere

Alimi anzanga a ku Mzimba, Embangweni, Jenda, Champhira ndi Emfeni, sabata ino ndifuna kukusimbirani za ulendo umene ndinayenda mu 2023, pamene ndinali ku South Africa kuphunzira za kasamalidwe ka nthaka pafupi ndi mzinda wa Pietermaritzburg.

Tinalipo Amalawi asanu. Titapatsidwa masiku atatu opumula, tinasonkha ndalama ndi kuchita hayala galimoto kuti tikaone matauni a m'mbali mwa nyanja ya Indian Ocean. Tinayambira pa Durban, mtunda wa makilomita ngati 80, pamene pali doko lalikulu la sitima za pamadzi. Mnzathu wa ku Dedza analawa madzi a m'nyanjamo, nalavula msanga. Madzi ochuluka chotero, koma sangathirire ngakhale bedi limodzi la mpiru, pakuti mchere umawotcha mbewu.

Kuchoka apo tinalowera kumpoto, kudzera pa Tongaat. Mapiri onse ndi nzimbe zokhazokha. Ulimi umenewu ndi wakale, pakuti Amwenye anayamba kufika kumeneko mu 1860 kudzagwira ntchito m'minda ya nzimbe. Chimene ine ndinayang'anitsitsa ndi mizere. Imapingasa phiri, ndipo m'makwawa moyenda madzi anasiyamo udzu. Mu April 2022 mvula yoopsa inapha anthu oposa 400 m'chigawo chimenechi, ndipo zipsera za nthaka yogumuka tinaziona ndi maso. Mvula siopa dziko lolemera.

Pa KwaDukuza tinaima pa manda a Shaka, amene anaphedwa mu 1828. Tsiku lachiwiri tinafika ku Richards Bay, kumene mtsinje wa Mhlathuze umathira m'nyanja. Pa mtsinje umenewu Shaka anagonjetsa Zwide cha m'ma 1820, ndipo pambuyo pake Zwangendaba Jere anathawira kumpoto ndi anthu ake, naoloka Zambezi mu November 1835, tsiku limene dzuwa linada. Inu Angoni a kwa Inkosi ya Makosi M'mbelwa, kumeneko ndiko kunachokera makolo anu. Ng'ombe za mawanga tinaziona m'njira monse, ndipo khola likali ulemu wa mudzi monga kwathu kuno. Usiku tinagona pa St Lucia, pamene mvuu zimatuluka m'madzi ndi kuyenda m'misewu ya m'tauni.

Koma nkhani yeniyeni ndi iyi. Pobwerera tinapuma pa Ballito, ndipo mnyamata wina amene anali kuthirira maluwa pa nyumba ya bwana wake anatimva tikulankhula, natilonjera m'Chitumbuka. Kwawo ndi kumwera kwa boma lathu lino. Anatiuza monyadira kuti wamanga nyumba ya malata ndi ndalama za ku Joni. Nditamfunsa za kumunda anawerama. Anati chaka ndi chaka, pofika January, akazi ake amamuuza kuti nkhokwe yatha, ndipo iye amatumiza ndalama zogulira chimanga. Ndinafunsanso ngati ali ndi ng'ombe. Anati zilipo zisanu ndi zinayi m'khola la atate ake, ndipo ndowe yaunjikana zaka zambiri osachotsedwa. Pambali pake panali wilibala yodzaza ndi manyowa a maluwa a bwana.

Taganizani, abale anga. Munthu atuta manyowa tsiku ndi tsiku kudyetsa maluwa a mwini, pamene munda umene udyetsa ana ake uli ndi njala. Sindikunyoza opita ku Joni ai, pakuti ndalama zawo zaphunzitsa ana ambiri. Koma malata sadyedwa.

Tsono inu amene mwatsala pakhomo, makamaka amayi ndi madala, chitani izi mvula isanagwe. Tutani ndowe yakale ya m'khola ndi ngolo, muithire m'migula ndi kuikwirira popanga mizere yatsopano, kuti dzuwa lisaithe mphamvu. Musatenthe mapesi, aikeni m'khola kuti ng'ombe ziponde, asanduke manyowa a chaka chamawa. Ngati munda uli potsetsereka, itanani Mlangizi wa dera lanu akuyesereni akalozera, ndipo mvula ikakhazikika mubzalepo udzu wa vetiva. Tsekani mizere ndi ngonyeka kuti madzi alowe pansi.

Ndipo mwana wanu akatumiza ndalama, patulani zina za mbewu yabwino, feteleza ndi aganyu otuta manyowa zisanathere ku zina. Mukamayankhula naye pa foni, mumuwerengere mawu awa.

Sabata yamawa tidzakamba za kufutsa chimanga m'nkhokwe kuti anankafumbwe asaononge. Tsalani bwino.

Ine wanu,
MLANGIZI