Chitsulo Chobisala mu Utsi wa Fodya

Omvera athu a kwa Kanduku ndi Mwanza yense, tcherani khutu. Fodya akamakula amayamwa tizitsulo ta m'nthaka. Kena mwa ito ndi kadimiyamu, kamene kamapezekanso m'mabatire ena. Munthu akasuta, kamalowa m'mapapo limodzi ndi utsi. Kakalowa sikatuluka msanga. Kamakhala m'thupi zaka zambirimbiri. Akatswiri a khansa ku bungwe la WHO amati kamayambitsa khansa ya m'mapapo.

Ena amati chingambwe chilibe vuto poti sichidutsa kufakitale. Ayi ndithu. Kachitsuloko kali m'tsamba momwemo. Ndibwereze: kakalowa sikatuluka msanga.

Bambo, mayi, ngati chifuwa chakana kutha kapena mukutsokomola magazi, musangoganizira TB yokha. Pitani kuchipatala chachikulu cha Mwanza, ndipo mukawauze adokotala kuti mumasuta.